Mbuzi Zitatu Pakhoma la Khitchini

Ntchito yanga ndi kumanga nyumba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma kwa Mlolo kuno nyumba za njerwa zootcha zimene zinatsala chiimire madzi atasefukira, zambiri zinadutsa m'manja mwanga. Amene anandiphunzitsa ntchito anali munthu wosaseka. Akapeza kampata pakati pa felemu ya chitseko ndi khoma ankalowetsamo chala, n'kukuyang'ana osayankhula, ndipo iwe unkadziwa wekha kuti ugumule. Mpata ankautcha ulesi. Inenso ndakalamba ndikuutcha choncho.

Ndili ndi mng'ono wanga mmodzi wamwamuna. Iye sukulu anapitiriza chifukwa ine ndinali nditayamba kuumba njerwa n'kumamulipirira. Anagwira ukalaliki ku esiteti ya nzimbe mpaka kupuma. Atalandira za penshoni anabwerera kumudzi n'kumanga nyumba kumtunda, pafupi ndi msewu. Ntchito imeneyo sanandipatse. Anatenga amisiri a ku Blantyre.

"Mwakula achimwene, muzipuma," anatero.

Chaka chomwecho ndinali nditamanga nyumba ziwiri za anthu ena, ndipo palibe amene anadandaula.

Nyumba itatha anatiitana, ine ndi akazi anga. Ndinayamba ndazungulira panja. Ndinapeza ngodya imodzi yopendekeka pang'ono, mtima wanga n'kukhala m'malo. Kenako mlamu wanga, mkazi wake, anatikokera kukhitchini. Mlamuyu ndi Msena wa kwa Mbenje, ndipo pakamwa pake sipapuma.

"Lowani mulamu, muone zimene simunamangepo."

Anali atamuumbira silabu ya simenti yofika m'chiuno, mbaula ili pamwamba, moti ankaphika choimirira. Kumbuyo kwa mbaulayo, pakhoma, panali mizere inayi ya matailosi oyera a timaluwa tabuluu. Tsiku limenelo ankakazinga makakana, tinsomba tathu ta m'dambo, ndipo mafuta ankalumphira pakhomapo. Anatenga kansanza konyowa n'kupukuta kamodzi kokha. Khoma linayera ngati mbale yotsuka.

Akazi anga anasendera pafupi. Anaika dzanja pamatailosiwo n'kuyamba kusisita pang'onopang'ono. Takhala limodzi zaka zoposa makumi anayi. Nyumba imene akugonamo ndinamanga ndine, kuyambira pa maziko mpaka pa malata. Sindinawaonepo akusisita khoma langa.

"Alamu, mwamulemekeza mkazi," anatero kwa mng'ono wanga.

Mawu amenewo anandilowa ngati munga wa mthethe. Ndinavala magalasi n'kuyandikira kuti ndipeze cholakwa, ndipo ndinachipeza msanga. Tailosi iliyonse inali yotalikirana ndi inzake, pakati atapakapo ufa woyera.

"Apa mmisiri wako anathawa ntchito," ndinatero. "Mipata yonseyi?"

"Amasiya dala, achimwene. Ankachita kuika mitengo ya machesi pakati kuti ikhale yofanana."

"Machesi."

"Akuti kuno kumatentha kwambiri. Tailosi imafuna popumira."

"Tailosi ili ndi mphuno?"

Mlamu anaseka mpaka kugwira silabu. "Tonse pano ndife a ku Nsanje, mulamu, koma inu ndinu a nsanje."

Onse anaseka, akazi anga omwe. Ine nsomba zija sindinazimve kukoma.

Khitchini yathu inali ya njerwa, ndinaimanga bwino, koma mkati munali mwakuda ndi mwaye wa zaka zambiri. Kuyambira tsiku lija ndinayamba kuona zinthu zimene kale sindinkaziona. Akazi anga akakwecha khoma ndi phulusa, ndinkati akundinena. Akanyamula nsomba kupita nazo kwa mlamu kuti akacheze uku akukazinga, ndinkakhala pakhonde n'kumayang'ana dzuwa, kuwerengera kuti atenga nthawi yaitali bwanji. Kumjigo amayi ankakamba za khitchini ya kumtunda. Tikutuluka m'tchalitchi tsiku lina, mkulu wina wa mpingo anandifunsa pagulu.

"Kodi zonyezimira zija za kwa mng'ono wanu, inu mumazitha?"

"Chomata pakhoma chilichonse ndimachitha," ndinayankha.

Ndinali ndisanagwirepo tailosi chibadwire.

Ndinayeza khoma la kukhitchini ndi chingwe, lakumadzulo, kumene kumakhala moto. Ndinayezera mizere isanu, kuti ipose ya mng'ono wanga ndi umodzi. Kenako ndinawoloka pa bwato kupita ku Bangula kukafunsa mitengo ku hadiweya. Mwini sitolo anali munthu wokonda kufotokoza. Anati matailosi paokha si ntchito. Pamafunika simenti yake yapadera yomatira, ufa wotsekera mipata, timitanda tapulasitiki tosiyira mipatayo, tizitsulo ta m'mphepete, ndiponso mmisiri wodziwa amene ali ndi makina odulira. Mmisiriyo umamulipira leba, umamudyetsa, umamulipiriranso bwato.

Makwacha masiku ano amasintha mwezi usanathe, choncho ine ndimayeza zinthu ndi mbuzi. Matailosi okha anali mbuzi ziwiri. Zomatira ndi tinthu tina tija, mbuzi imodzi. Mmisiri, mbuzi imodzi ndi mwendo wa ina. Silabu ndi pulasitala zinali zisanalowemo.

"Mmisiri ndine," ndinamuuza. "Simenti ndigula yawamba, ndaigwira zaka makumi asanu. Ufa wanuwo ndi timitanda tanu sungani. Kwanga sikukhala mipata."

"Madala, mipata musiye ndithu. Ngakhale yaing'ono."

"Mwamangapo nyumba zingati?"

Anayamba kulemba pakapepala.

Ngakhale nditadula zonsezo, pamodzi ndi silabu ndi mayendedwe zinakwana mbuzi zitatu. Pakhomo panali mbuzi zisanu, ndipo sizinali zanga. Madzi atatitengera ziweto, akazi anga anayambanso ndi kambuzi kamodzi kamene anasinthanitsa ndi chitowe cha m'munda mwawo. Anakaweta okha mpaka khola linadzaza. Ndinawapeza akusankha nyemba pamkeka.

"Ndigulitsa mbuzi zitatu."

"Kwagwanji?"

"Khitchini."

"Ndapempha ine?"

"Simunapemphe. Munasisita."

Anabwerera ku nyemba zawo.

"Yabere ija muisiye," anatero.

Ogula atabwera anaifuna yomweyo, ndipo ndi imene inali ndi mtengo. Ndinaipereka. Akazi anga analowa m'nyumba mpaka mbuzizo zitachoka.

Ntchito ndinaigwira mu Julaye, nthawi imene kuno kumazizirako ndipo m'mawa timafunda. Ndinapala mwaye wonse, ndinamenya pulasitala watsopano, ndinaumba silabu yotalika kuposa ya kumtunda. Makatoni anabwera pa bwato, kenako pa njinga ya kabaza, ndipo matailosi atatu anafika osweka. Makina odulira ndinalibe. Ndinkalemba mzere ndi msomali n'kuthyola ndi pulayala, ndipo asanu ena anathera pamenepo ndisanalipeze dzanja lake. Simenti ndinaikanda yamphamvu, mchenga wochepa. Tailosi iliyonse ndinkaikankhira kwa inzake mpaka zitagundana, moti ngakhale lezala silikanalowa pakati. Mzere uliwonse unayambira ngodya iyi mpaka ngodya iyo, ndipo yomalizira ndinkachita kuikhomerera ndi chigwiriro cha hamala kuti ithine. Masiku anayi ndinali momwemo, msana ukulira. Nditamaliza khomalo linkaoneka ngati chinthu chimodzi chosadukiza. Kunena zoona, linali lokongola kuposa la mng'ono wanga.

Ndinawaitana akazi anga. Anaima pakhomo, anayang'ana m'mwamba ndi m'munsi.

"Zili bwino," anatero.

Anasamutsira mbaula pasilabu n'kuyamba kuphika. Ndinadikira kuti aike dzanja pakhoma. Sanaike.

Mng'ono wanga ndi mlamu anali atapita kwa mwana wawo ku Blantyre ndipo anakhalako miyezi yoposa iwiri. Miyezi imeneyo inanditalikira. Anthu ena ankabwera kudzaona n'kuyamikira, koma ine ndinkafuna maso awiri okha, a kalaliki uja, kuti ndione mmene adzaphethirire. Anabwerako mu Okutobala. Ndinatuma uthenga kuti Lamlungu tikaweruka kutchalitchi adzadye kwathu. Ndinagula nkhuku ndi milamba iwiri yaikulu.

Amene sanakhaleko kuchigwa kuno mu Okutobala sadziwa dzuwa. Nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, malata amalira okha, madzi a mumtsuko amakhala ngati otereka. Loweruka masana, dzuwa litapendekera kukhoma lija, ndinali pansi pa mtengo wa nimu ndikunola chikwanje. Akazi anga anali m'khitchini akukazinga milamba kuti isaonongeke pofika mawa. Ndinamva kuphulika ngati nsungwi yaiwisi pamoto. Kenako kachiwiri. Ndinathamanga.

Ndinafika matailosi a pakati atatukuka, awiriawiri atatsamirana ngati denga la nkhokwe, kumbuyo kwake kukuoneka mdima. Ndili chiyang'anire anayamba kugwa. Mzere wachitatu unakoka wachinayi, wachinayi unakoka wapamwamba. Imodzi inagwera m'chiwaya, mafuta n'kuwakhuthukira akazi anga pamkono. Sanalire. Anatuluka n'kuviika mkonowo mu ndowa.

Ndinawakweza panjinga kupita kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Anawatsuka, anawapaka mankhwala, anawamanga bandeji kuyambira pachigongono mpaka pamfundo ya dzanja.

Titafika ndinalowa m'khitchini ndekha. Panatsala mzere wapansi ndi theka la wachiwiri. Ndinatola chibenthu chimodzi n'kuchitembenuza. Kumbuyo kwake kunali koyera. Simenti yanga inatsala pakhoma, yolimba bwinobwino, itadinda timizere ta tailosi iliyonse. Pulasitala sanalakwe, khoma silinang'ambike. Matailosi ndi amene anafutukuka ndi kutentha, dzuwa kuseri, mbaula kutsogolo, ndipo anasowa kolowera chifukwa ndinawatsekera ndekha mbali zonse. Palibe amene anandiuza pamenepo. Mmisiri amadziwa akaona.

"Nditume uthenga kuti asabwere," ndinatero madzulo ake.

"Muwauza kuti chiyani?"

Ndinasesa zibenthu n'kuziunjika kuseri kwa chitseko.

Anabwera atavala za kutchalitchi. Ndinawayalira mipando pansi pa nimu ndikuyembekeza kuti kutentha kuwagwira pomwepo. Mng'ono wanga anakhala. Mlamu sanakhale n'komwe.

"Ndamva kuti kuno kuli mizere isanu. Ndikaiwerenge ndekha."

Analowa. Kenako anasuzumira pakhomo.

"Mulamu, chivomezi chinadutsa nyumba ino yokha?"

Amene anayankha ndi akazi anga, ali chikhalire pamkeka, mkono wabandeji uli pamwendo.

"Ndine ndagwetsa. Dzulo ndimasinja chitowe m'khitchinimo pothawa dzuwa. Munsi unandipulumuka n'kumenya khoma."

"Munsi umodzi, mizere itatu?"

"Ndine wa kumunda ine, si wa ku esiteti. Ndikamenya ndamenya."

Mlamu anaseka n'kuwomba m'manja. Anayamba kuwanena kuti mwamuna akakuchitira zabwino sumubwezera ndi munsi, kuti akanakhala iye akanangosamuka ndi manyazi. Akazi anga ankangovomera. Ine ndinawasiya asenze mlandu wanga.

Mng'ono wanga anadzuka n'kulowa m'khitchini. Ndinamutsatira. Anayang'ana mzere wotsalawo, anayendetsa chikhadabo pamene tailosi inagundana ndi inzake. Anaona mulu wa kuseri kwa chitseko, anatola chibenthu, anachitembenuza monga ndinachitira ine. Ndi kalaliki, koma si chitsiru. Munsi umaswa pamene wamenya, sumatula khoma lonse n'kusiya simenti ili bwino. Anabweza chibenthucho pamulu mwakachetechete.

"Mzere wanu ndi wowongoka, achimwene. Mmisiri wanga uja sanawongole chonchi."

Akanandiseka ndikanadziwa chomuyankha. Koma anandimvera chisoni, mwana amene ndinamugulira yunifolomu yoyamba, ndipo chisonicho anali nacho chokwanira kugawa ngati mmene analili ndi zina zonse. Ndinachita nacho nsanje chimenechonso.

"Nditha kumuitana mmisiri uja adzakonze. Za leba musadandaule."

"Pakhomo pano pali mmisiri."

"Chabwino, achimwene."

Tinadya nkhuku. Mlamu anayamikira kaphikidwe m'Chisena, anati takhuta, zikomo wa kwawo, kawiri, ndipo ponyamuka anawauza akazi anga kuti munsi azisungira panja ngati galu.

Alendo atapita, akazi anga anayamba kutsuka mbale ndi dzanja limodzi. Ndinaima pafupi.

"Mwanama tsiku la Mulungu."

"Ndanama. Mukanakonda ndinene zoona?"

Anaika mbale pambali n'kupitiriza kuyankhula.

"Anthu akamva kuti khoma lanu lagwa lokha, adzakuitaninso ndani? Tizidya chiyani, matailosi?"

"Munati mlamu wanu walemekeza mkazi."

"Ndinatero. Mlendo akakuonetsa chinthu chake umayamikira. Mumafuna nditukwane?"

Anapitiriza kutsuka. Ndinatenga ndowa n'kupita kumjigo, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo dzuwa likuwala.

Pakamwa pa mlamu nkhani siigona. Sabata isanathe mudzi wonse unali utamva za munsi. Ine dzina langa linakwera. Anthu ankati mmisiri anamata bwino, koma mayi ndi amene alibe ulemu ndi zinthu zodula. Ena ankati anachita dala pokwiyira mbuzi zawo. Kumjigo amayi akawaona akubwera ankasuntha ndowa, amvekere, "Pewani, abwera ogumula." Ana ankawaimbira kanyimbo kumbuyo. Kumsonkhano wa amayi kutchalitchi wina anapereka chitsanzo cha mkazi wopasula nyumba yake ndi manja ake, ndipo onse anadziwa amene akunenedwa. Akazi anga sanandiuze zimenezi. Ndinazimva kwa ena. Bandeji itachoka panatsala chipsera choyera chachitali, ndipo anayamba kuvala malaya a manja aatali m'kutentha konse kuja.

Ine ndinalandira ntchito ziwiri mwezi womwewo. Ndinazigwira, ndipo ndinadya.

Lamlungu lina mvula yoyamba itagwa, tinali panja pa tchalitchi anthu akupatsana moni. Mkulu wa mpingo uja anandiyandikira ali ndi mphunzitsi wina watsopano amene ankamanga nyumba. Akazi anga anali pambali panga. Mng'ono wanga ndi mlamu anali pomwepo, amayi ena atazungulira.

"Aphunzitsi, mmisiri wa matailosi ndi ameneyu," anatero mkuluyo. "Koma mukawapatsa ntchito, mayiwa musawaitane kudzaona. Amayenda ndi munsi."

Anthu anaseka. Akazi anga anaseka nawo, maso ali pansi, dzanja likukokera malaya pachipsera. Mphunzitsi anandifunsa kuti ndingayambe liti, ndipo anatchula chipinda chosambira ndi khitchini yonse. Inali ntchito yaikulu kuposa zonse zimene ndinagwira chaka chimenecho. Mng'ono wanga ankayang'ana nsapato zake.

"Munsi sunakhudze khoma," ndinatero. "Anagwa okha. Ndinamata molakwa ndine, sindinasiye mipata. Mkono uwo ndinauwotcha ndine. Aphunzitsi, funsani mng'ono wangayu akupatseni mmisiri wake."

Palibe amene anaseka. Mkulu uja anatsokomola n'kuyamba kukamba za mvula. Mlamu, kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, anasowa chonena. Mphunzitsi anathokoza mwaulemu n'kupita kukaima ndi mng'ono wanga, ndipo ndinawaona akulemberana manambala a foni.

Tinauyamba wa kunyumba m'matope, ine patsogolo, akazi anga pambuyo. Titadutsa minda ya mapira, anthu atatsalira kutali, anayankhula.

"Mwaononga bodza langa labwinobwino. Ndinalisamala mwezi wathunthu."

"Linali lopendekeka."

"Ndiye tidya chiyani?"

"Njerwa ndimazithabe."

Anandipitirira n'kuyamba kuyenda patsogolo, akusankha pouma poponda, ndipo ine ndinkaponda mmene apondamo. Nyumba ya mphunzitsiyo inatha chaka chotsatira. Akuti khitchini yake ili ndi mizere isanu ndi umodzi. Sindinapiteko kukaona.